Tsiku Limene Adzukulu Anaika Makasu Pansi

Ndinadzuka tambala asanalire, mawu atasasa ndi nyimbo za pamaliro. Panja azimayi anali atasonkha kale moto, ndipo kamphepo kochokera ku Lizulu kankalowa mpaka m'mafupa. Bokosi la achimwene anga linali pabalaza. Linafika dzulo lake kuchokera kutauni, kumene anaphunzitsa za nyengo kuyunivesite moyo wawo wonse. Kumeneko anali pulofesa. Kwa ine anali achimwene omwe aja, amene ali mwana ankalekerera ng'ombe kudya chimanga cha eni, iwo maso ali kumitambo.

Kutacha, uthenga unafika kuchokera kumanda: adzukulu, anyamata okumba manda m'mudzi mwathu, aika makasu pansi. Akuti malemu sankaoneka pamaliro a anthu ena. Sindingawanamizire, ankanena zoona. Maliro akagwa kuno, achimwene ankakhala ali m'kalasi, kapena ali kuphiri ndi ophunzira awo kuyeza mvula ndi mphepo. Mwana woti n'kuwagwirira khasu analibe. Ndinapsa mtima, kenaka ndinachita mantha. Munthu wodziwika mpaka kunja kwa dziko, agonenso pabalaza chifukwa chosowa dzenje? Akuluakulu anapita kukapepesa, koma anabwerako chimanjamanja.

Dzuwa litakwera, magalimoto ndi maminibasi anayamba kufika. Munkatsika anthu amene sindinawaonepo, ena achinyamata, ena aimvi kale. Onsewo anadutsa m'manja mwa achimwene. Mayi wina, amene tsopano akuphunzitsa m'malo mwawo, anamva za vuto lathu. Anayang'ana mitambo imene inkasonkhana cha ku Mozambiki, nati kwa ine, "Mvula iyi sidikira madzulo. Makasu ali kuti, mayi?"

Azibambo a m'gulu lija anavula majekete ndi mataye, ulendo wa kumanda. Ine ndinakaima chapatali. Kakumbidwe kake kanali komvetsa chisoni: matuza m'manja, magalasi akugwera m'dothi, nsapato za muofesi zitasanduka matope. Koma sanaleke. Wina akatopa ankapatsira mnzake, uku akukumbutsana za malemu. Mmodzi anati anasiyapo sukulu n'kubwerera kwawo ku Bwanje kukalima mpunga, achimwene n'kumutsatira mpaka m'munda, osachoka mpaka atalongedza chikwama. Wina anati kafukufuku wake achimwene anamubwezera kambirimbiri, mpaka anawada, ndipo lero akudyera momwemo.

Adzukulu anali khale pansi pa mtengo. Poyamba ankaseka. Kenaka kuseka kuja kunatha. Wamkulu wawo anaimirira, nalowa m'dzenje, anzake n'kumutsatira.

Tinanyamula maliro kumwamba kutada bii. Mdipiti wa anthu unayambira pakhomo mpaka kumanda, alimi a mbatata, amashopu a ku Lizulu, anthu a masuti, onse m'kanjira kamodzi. Ophunzira ndi adzukulu ankalandirana bokosi pamapewa. Ndinalira, inde, koma kunyada kumene ndinali nako sindinakumvepo chibadwire. Mvula inayamba titangomaliza kukwirira, ndipo tinabwerera titanyowa tonse.

Madzulo anthu atabalalika, nyumba inangoti zii. Kunkangomveka madzi akudontha kuchokera padenga. Wamkulu wa adzukulu uja anabwera kudzabweza makasu athu. Anawatsamiritsa pakhoma, navula chipewa, n'kunjuta pakhonde.

"Mayi, tinalakwa," anatero. "Ife timayesa malemu sanabereke."

Ndinamupatsa mpando wa achimwene, ndipo tinakhala tikumvetsera mvula.