Mwendo Umodzi wa Tombolombo

Malume anga ndi telala, ndipo msewu wonse umawatchula kuti Atombolombo. Dzinali silinabwere mwachipongwe. Ali mnyamata ankasokera pulofesa wina wa ku yunivesite maukonde a nsalu yopyapyala ogwirira tizilombo. Tsiku lina, poyesa ngati msoko wagwira, anakupiza ukonde m'mbali mwa kamtsinje n'kukola katombolombo kowonda ngati singano, ka mtundu uja umapinda mapiko kumsana ukatera. Kanali kofiira psuu, pamene anzake onse pamalopo anali abuluu. Pulofesa atakapenda pagalasi anati dziko lonse silinakaonepo, ndipo anakapatsa dzina la malume, lenileni la makolo, atalilumikiza kamchira ka Chilatini.

Malume sanaone mwana, ndipo akazi awo anatisiya kalekale. Chithunzi cha kachilomboko chinali pakhoma pamwamba pa makina, pamalo pomwe anzawo amapachika ana ovala mikanjo ya omaliza maphunziro. Ukapita kukasoketsa zipi, unkayenera kukonzekera kumva mbiri yonse, iwo mapini ali pakamwa. "Inu ana anu adzakuiwalani," ankatero, "koma wangayu ali m'mabuku. Bola sukulu zilipo, dzina langa silifa." Makasitomala ankaseka. Ine mwana wa mlongo wawo ndinkadziwa kuti mwiniwake sakuseka.

Pulofesa uja atamwalira, kushopu kunabwera mayi wina wovala nsapato zamatope, dokotala wa tizilombo amene analowa m'malo mwake. Ndinalipo tsikulo, ndikulondola diresi langa lomwe linakalambira m'dengu, poti m'bale wa telala ndiye amayenda ndi zong'ambika. Mayiyo anati akufufuza chibale cha atombolombo owondawa: ndani m'bale wa ndani, ndipo mitundu yake inapatukana bwanji kalelo. Anati masiku ano sadalira maonekedwe okha. Amathyola mwendo umodzi, n'kuupera, n'kuchotsamo DNA, n'kuiyerekeza ndi ya ena onse.

Malume anaimitsa makina. "Kuthyola mwendo? Wa mwana wanga?"

"Anauma kalekale, bambo. Ali papini m'kabati yathu, samva kanthu."

"Anthu amayezetsa DNA akamalimbirana mwana. Nanga uyu akundilanda ndani?"

Tonse tinaseka. Malume anavomera ndi manja awiri, ngakhale panalibe amene ankafunikira chilolezo chawo, ndipo anauza aliyense mumsewu kuti mwana wawo akukalembedwa mumtundu wa mafumu.

Mayi uja atabweranso miyezi itapita, anakana mpando. Anatsegula laputopu pathebulo lodulira nsalu, pakati pa choko ndi sizasi, ndipo panaoneka mtengo wa nthambi zambirimbiri, nsonga iliyonse ili ndi dzina. Malume anavala magalasi, phazi lili pachopondera cha makina, akufunafuna nthambi yawoyawo.

"Wanu ali apa," anatero mayiyo, chala chili pakati pa gulu lothithikana. "Bambo, ndaona kuti ndibwere ndekha, musamvere kwa ena. Si mtundu wapadera ayi. Ndi wamkazi wa mtundu wamba wa buluu uja. Aakazi ena amangobadwa ofiira."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Lamulo lathu limati dzina loyamba kuperekedwa ndilo limakhala. La wabuluuyo linalembedwa inu musanabadwe. Lanu lichoka."

Malume kukamwa kunali yasa, mapini n'kugwera pamiyendo, koma phazi linapitiriza kupalasa lokha. Makina analira mpaka anatseka mwendo wa buluku la kasitomala kuchokera uku kufika uko, ndipo palibe anawauza.

"Mwendo umodzi wokha?" Mawu awo anatuluka ang'onoang'ono. "Mayi, bwanji muthyole wina? Mwina umenewo unali wodwala."

"Tinabwereza, bambo. Zinatuluka chimodzimodzi."

"Apulofesa ananama?"

"Sananame. Anaona zomwe maso amaona. Nanenso ndikanakhalapo nthawi imeneyo ndikanalemba zomwezo."

"Nanga wambayo amapezeka kuti?"

Mayiyo anazengereza, kenaka analoza khomo lakuseri. Kumeneko kumadutsa ngalande ya madzi ochokera kotsukira magalimoto, ndipo pamaudzu ake panali atombolombo abuluu ali mbwee. Anali omwewo amene malume akhala akuwaingitsa ndi kansalu zaka zonsezi akalowa m'shopu, n'kumati achoke, asayerekeze kudzifanizira ndi mwana wawo. Malume anawayang'anitsitsa osaphethira. Ndinawamvera chisoni mpaka ndinalephera kuwayang'ana kumaso, ndipo mayi uja ndinamuda, ngakhale ndinkadziwa kuti sanalakwe kanthu.

Mayiyo atatsanzika, malume anadzuka osavala n'komwe nsapato, n'kulowa khomo loyandikana nalo, kwa wometa amene akhala naye khoma limodzi kuyambira onse ali ndi tsitsi lakuda. Ndinawatsatira.

"Achimwene, dzina langa ndani?"

"Aa, Atombolombo, nanga mwaiwala? Kapena mwayamba kulawa m'mawa uno?" Wometa anaseka, ndipo amene ankametedwa anasekanso.

"Ayi. Lenileni."

Wometa anazimitsa makina ake. Anakanda kumutu, nayang'ana kudenga, kenaka anayang'ana ine kuti ndimuthandize.

Malume anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kubwerera. Anakhala pampando wawo pansi pa chithunzi chija, natenga lezala, n'kuyamba kusomola msoko wa buluku lija. Patapita kanthawi anandiitana osadzutsa nkhope.

"Iwe, tatchula dzina langa. Mokweza, ndilimveko."