Aphunzitsi a Lyson Asiya Kudya

Kodi munawaona liti komaliza aphunzitsi a Lyson, aja ankakhala kutsogolo kutchalitchi kwathu ku South Bend, tayi pakhosi ngakhale kutenthe bwanji?

Ine sukulu ndinalekezera sitandade faifi, za ku Mangalande sindizidziwa. Koma mwana wawo Belinda amati bambo ake anaphunzitsa masamu zaka zambiri pasukulu ina ya galamala kumeneko, yolowa ana okhoza okhaokha. Ena mwa anawo lero ndi majaji, ena madokotala, wina amaoneka pa TV. Chithunzi cha aphunzitsiwo akuti chili pakhoma m'holo ya sukuluyo. Atapuma ntchito anabwera kuno kudzakhala ndi Belinda. Ife tinkawaopa, moni tinkapereka chapatali.

Mwezi watha anadwala sitiroko. Panopa ali kunyumba yosamalira odwala ku Beech Grove, pafupi ndi Indianapolis, ndipo Chizungu chonse chija chathawa, chatsala Chichewa chokha. Manesi sakuwamva. Belinda anakulira kunja, amamva koma amayankha m'Chizungu, iwo n'kumangomuyang'ana. Ana asukulu aja akaimba foni, aphunzitsi amangoigwira, misozi mbwembwembwe. Ndiye asiya kudya. Adokotala akuti zikapitirira awaika paipi yodyetsera, pamene eniake zimenezo anazikana kalekale.

Loweruka ndinadiraiva mpaka ku Indianapolis, njira yonse ndikupemphera. Nditalowa ndinapeza phala lili pambali pa bedi, ndinagwada.

"Mwaswera bwanji aphunzitsi?"

Anandiyang'anitsitsa. "Ndinu a kuti mayi?"

"Ndine make Kenan, kwathu ndi ku Ntcheu."

"Ku Ntcheu? Nanga kachewere wanga ali kuti? Mwabwera chimanjamanja ngati boma?"

"Muyambe mwadya phalali, kachewere abwera."

Anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa. Tikucheza choncho ndinanyamula supuni, anameza. Ndinanyamulanso, anamezanso. Nesi anangoima pakhomo kukamwa yasa.

Koma abale, ine ndili ndi mashifiti, ndiponso South Bend ndi kutali. Belinda wanditekisita dzulo kuti chichokereni ine sanalawenso kanthu.

Inu a ku Speedway, inu a ku Lafayette, muli pafupi. Pitani nthawi ya nkhomaliro, mukakhale pambali pa bedi, mukawafunse za kumudzi supuni ili m'manja. Mapemphero tikupemphera ndithu, koma chonde pitani mukawaone sabata ino, adokotala asanabwere ndi paipi.