Chimanga cha bambo m'timatumba tapepala

Bambo anga anabwera ku Zimbabwe ndi chimanga cha kwawo atachimanga pakansalu, ndipo anachilima chaka ndi chaka m'dambo la kuseri kwa dera la Unit D, kumene tinkakhala, mpaka miyendo inawakana. Chinali chachitali, cholimba pokonola, ndipo chilala chikapsereza minda ya anzathu, icho chinkangopinda masamba n'kudikira mvula. Iwo ankadandaulabe. Ankati kwawo chisononkho chilichonse chinkakhala ndi njere zakuda apo ndi apo, koma kuno chinayera mbee ngati cha m'sitolo. Ine njere yakuda sindinaionepo, ndipo ndinkangoti ndi nkhani za munthu wosowa kwawo.

Atamwalira, dambo lija analidula mapuloti, anthu n'kumangapo nyumba. Mbewu yotsala ndinaithira m'chitini n'kuika pamwamba pa kabati kunyumba kwanga ku Zengeza 3.

Amene anachitsitsa chitinicho ndi mwana wanga wamkazi woyamba. Anali atangomaliza maphunziro a zomera n'kuyamba ntchito pamalo ofufuza za mbewu kunja kwa Harare. Ankalawirira kukadikira minibasi, imene kuno timati kombi, n'kubwerako atapsa ndi dzuwa, mungu wa chimanga uli m'tsitsi. Ndikamuyankhula Chichewa amamva zonse, koma amayankha m'Chishona ngati anzake onse. Anandiuza kuti akufuna kupeza chimene chimachititsa chimanga cha agogo ake kupirira chilala, koma kuntchito munthu wongoyamba kumene sapatsidwa mizere yakeyake, amayeza za akuluakulu. Anapempha theka la mbewuyo ndi kadimba ka kuseri kwa nyumba. Ndinamupatsa, koma ndinamuuza kuti akaiwononga asadzanditchulenso bambo ake. Ndimayankhula choncho ine.

Chimanga chitayamba kumasula, anabwera ndi timatumba tapepala. Ngaiyaye iliyonse anaiveka thumba lakhaki, kachisononkho kalikonse n'kukaveka kathumba koyera ndevu zisanatuluke. M'mawa ankagwedeza ngaiyaye, n'kuthira mungu wake pandevu za phesi lomwelo, n'kuphimbanso. Anati phesi lililonse likwatirane lokha, mungu wa kwa aneba usalowe. Ndinamuuza kuti zimenezo kwathu ndi malaulo, ngakhale nkhuku timasintha tambala. Anangoseka.

Kadimba kaja kanasintha. Ukatuluka masana kukataya madzi, unkapeza mizere ya mitu yophimbidwa itaima njo, yonse ngati yakuyang'ana. Ana a aneba mpira ukagwera m'menemo ankausiya. Mkulu wina wa pafupi ananena pashopu kuti Mabhurandaya, dzina lonyoza limene amatitcha ife obwera, ayamba kuveka chimanga ngati zvigure zawo, kutanthauza zilombo za gule wamkulu, ndipo pakanapanda mkazi wanga kundigwira malaya, bwenzi ndikulemba izi ndili kundende.

Chaka chotsatira anadzala njere za m'matumba aja. Mmera unatuluka, koma pakati pa wobiriwira panali wina woyera ngati kandulo. Unamera bwinobwino, unatambasula timasamba, kenako unangogona pansi umodziumodzi. Wotsalawo unakula mofupika, mapesi owonda. Anauvekanso matumba. Chaka chinacho zinaipiratu: chimanga chimene chinkaposa bambo anga msinkhu chinkandilekeza m'chiuno, mizere ina sinamere n'komwe.

Achemwali anga aakulu, amene anatsala m'nyumba ya makolo ku Unit D, anabwera Lamlungu lina akuchokera kutchalitchi. Anasuzumira kudimba, anaona mmera woyerawo, ndipo anakana mpando. Anaima pakhomo la khitchini, chikwama chili m'khwapa.

"Achimwene, munthu timam'phimba kumutu akafa. Inu mwaphimba chimanga cha bambo chili moyo. Ndiye mukudabwa kuti chikubala mizukwa?"

Ndinawayankha mokalipa kuti zimenezo n'za sukulu, iwo sangazimve. Koma atapita ndinakwera pampando n'kutsitsa chitini chija, ndikuti ndidzale theka langa poyera monga ankachitira bambo, zamisalazi zithe. Nditatsegula, munali ufa wotuwa wokhawokha. Anankafumbwe anakwera dzanja langa mpaka m'chigongono. Choncho chimanga chonse chimene bambo anasiya padziko pano chinali timapesi todwala tija kuseri kwa nyumba.

Mwana atabwera ndinamukalipira mpaka aneba anatseka mawindo. Sanalire. Anadikira kuti mpweya undithere, kenako anandifotokozera kuti mmera woyera sanaulenge ndi iye. Unali m'mbewumo kuyambira kale, kungoti m'munda mwa agogo ake mungu unkasakanikirana n'kuubisa. Phesi likakwatirana lokha limatulutsa zonse zimene linabisa, zabwino ndi zoipa. Zoipa zafa, anatero, ndipo tsopano mizere iwiri imene yapulumuka iyenera kukwatitsidwa, wina ndi unzake. Ndinamufunsa kuti zikakanika bwanji. Anati ndiye kuti chatha.

Ngaiyaye zitakhwima, kuntchito anamutumiza kuminda yawo ya kuchigwa, kutali. Munthu wongoyamba sakana. Anandiimbira foni ali m'galimoto n'kunena kuti mungu sudikira munthu, ndichite ineyo mawa lake, mame akangouma, dzuwa lisanatenthe. Nditenge mungu wa mzere wa kumpanda, ndithire pandevu za mzere wa kumpopi.

M'mawa umenewo kunalibe mphepo. Zovala za mkazi wanga pachingwe zinali zitangolendewera, utsi wa kwa aneba ukukwera molunjika. Ndinalowa pakati pa mizere ndi manja angawa, ozolowera sipanala, ndikuopa kuthyola phesi. Nditangogwira thumba loyamba, matumba a mzere wonsewo anayamba kulira, tswa, tswa, pang'onopang'ono, kusiya, n'kuyambanso. Mwana wanga amati ndi pepala likamauma mame. Mwina. Koma ine ndinakhala pambali pa bedi la bambo miyezi yawo yomaliza, ndipo ndikudziwa mmene chifuwa chawo chinkamvekera akamakoka mpweya. Kunali kulira komweko, ndi kadukidwe kake komwe.

Ndinayang'ana kumbuyo, kunalibe munthu, mitu yakhaki yokhayokha. Ndinapezeka ndavula chipewa.

"Bambo, ndine. Sindikuba ayi. Mdzukulu wanu wandituma."

Ndinagwedeza ngaiyaye, kafumbi kachikasu kanagwera m'thumba, kochepa moti kakanatha ndi kuyetsemula kamodzi. Ndinadutsa nako ndikupuma ndi mphuno yokha, ndinavula kathumba koyera, ndinathira pandevu, ndinaphimba. Ndinatero phesi ndi phesi mpaka mungu unatha. Pamene ndinkamanga thumba lomaliza, m'dimbamo munali zii. Sindinadziwe nthawi imene kulirako kunalekera.

Tinakolola tizisononkho tating'ono ngati chala chachikulu, njere zake zosadzaza n'kapu. Mwana anazisunga mufiriji, ndipo ndinauza onse m'nyumba kuti wozikhudza asamuke. Mvula itagwa tinadzala, ine ndi iye. M'mawa uliwonse ndinkapita kukafuna mmera woyera. Sunatuluke. Chimangacho chinadutsa m'chiuno, chinadutsa phewa, chinaposa mpanda wa simenti moti anthu ankachiona ali kumsewu. Mvula inadula pakati pa nyengo, cha aneba chinapsa nsonga, chathu chinangopinda masamba.

Tsiku lokolola ndinaitana achemwali, makamaka kuti ndiwatsutse. Ndinathyola chisononkho, ndinasenda makoko patsogolo pawo, mawu ali kale pamlomo. Pakati pa njere zoyera panali zakuda, apo ndi apo. Ndinasenda china, chimodzimodzi. Mwana anayamba kufotokoza m'Chishona, mothamanga, kuti mzere uliwonse unasunga mbali yake ya mtunduwo ndipo zakumana, koma azakhali akewo sankamumva. Iwo ndi amene anaziona njere zimenezo ali aang'ono, chimanga chisanayere. Analandira chisononkhocho ndi manja awiri, atapinda bondo pang'ono, monga tinkalandirira chinthu kwa bambo.

Zina mwana anapita nazo kuntchito, ndipo chaka chino amupatsa mizere yake. Zotsalazo sindiikanso m'chitini. Ndinamanga kadenga kuseri, pamene mkazi wanga amaphikira magetsi akazima, ndipo zisononkho zili pamenepo, m'utsi. Chimanga chikamavekedwa matumba kudimba ndimathandiza ndithu, koma kukakhala kopanda mphepo chipewa ndimachisiya m'nyumba.