Chisekese cha Amai mu Mbiya

Ndikukumbukira nyumba yathu ya ku komboni ya njanji, kuseri kwa siteshoni ya Kafue, nyumba ya malata, yonjenjemera sitima ikamadutsa. Atate anachoka ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji. Amai anawatsatira, mwana kumbuyo, mtolo pamutu, m'kati mwa mtolomo chisekese chimodzi. Anawalukira ndi amai awo, cha udzu wouma, m'kati muli tinjere, ukachigwedeza chimati tseketseke ngati mvula yoyamba pa malata. Cha kwawo chimene chinawatsalira m'manja n'chomwecho basi. Ife ana kuchikhudza, ayi ndithu.

Ine anzanga ndinabadwa ndi nyimbo pakamwa. Kutunga madzi ndikuimba, kusesa ndikuimba, ngakhale kulira kwanga anthu ankakuvomereza. Ndiye Pasaka inkandivuta, inkandivuta zedi, chifukwa kwathu tinali ndi mwambo wathuwathu. Lachisanu Loyera tikabwera ku tchalitchi, amai ankakulunga chisekese m'kansalu koyera n'kuchigoneka mu mbiya yakale kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango. Atate n'kuvundikira ndi mwala waphanthiphanthi. "Ambuye agona, nyimbo nazo zigone," ankatero amai. Kuyambira pamenepo kuimba kulibe, mluzu kulibe, mpaka pa Sondo m'mamawa.

Mbiyayo inkakhala ndi mlonda, mwana mmodzi amene wayamba nzeru, ndipo aliyense ankalonda kamodzi kokha. Pa Sondo ndi iyeyo amene ankapita ndi amai kukachotsa mwala. Ife aang'ono ankatitsekera m'nyumba, makutu ali pa chitseko, mpaka timve chisekese. Zochitika kuseriko opitako sankanena. Mlongo wanga Yobe, amene analondapo kale, ndinamunyengerera ndi nshawa, nshawa anadya, pakamwa anatseka.

Chaka chimene mano anga akutsogolo anameranso, amai anati ulonda ndi wanga. Anandigwira chibwano, n'kundiyang'ana m'maso. "Tamala, chisekese ichi chikasowa, kwathu kwasowa." Ine kumva choncho mutu unakula ngati dzungu.

Loweruka lija linatalika ngati njanji yomwe. Ndinakhala pambali pa mbiya, miyendo tambalale, nzimbe kukamwa kuti nyimbo isatuluke. Sitima ya ku Livingstone inaliza huta wake, ine pakhosi kuyabwa kufuna kuiyankha. Njiwa zikuimba mu mtengo, azimai a nsomba akuitana malonda m'njira, dziko lonse likuimba, kupatula ine mwini nyimbo. Nshima ndinadyera pomwepo, ya chibwabwa chopanda mafuta, masamba a maungu okhaokha. Yobe ankangozungulira, amvekere ndilonde bwino chifukwa anyamata a m'komboni amaba ndi mphika uli pamoto. Madzi anakatunga ndi iyeyo, nditamulipira maungu anga onse.

Dzuwa litapendeka amai anandiitana kuti ndilowe. Atate anali atavala kale majombo awo, ati akukagona ku ntchito. Ine ndinachita nzeru: ndinatenga tsache n'kusesa kuzungulira mbiya, kusalaza dothi bwinobwino, ndikuyenda chafutambuyo, kuti ngakhale khoswe akapondepo ndidziwe.

Kutacha amai anandigwedeza phewa. Kunja kuli nkhungu yochokera ku mtsinje, udzu uli mame okhaokha, fungo la malasha a sitima lili m'mphuno. Tinazungulira nyumba, ine patsogolo, mtima ukuvina, nyimbo yafika kale m'mano. Ndiye ndinaona mapazi. Pa dothi langa losalala panali mapazi akuluakulu a munthu wopanda nsapato, zala zotayana. Mwala uli pansi. Ndinasuzumira mu mbiya, ndinapisa dzanja, ndinalowetsa ndi mutu womwe. Kansalu koyera kokha, kopindidwa bwino. Chisekese mulibe.

Anzanga, ndinalira. Sikunali kulira kwa mwana wofuna chitumbuwa, kunali kulira kwa maliro. Ndinaganiza za amai, za Katete kumene ndinali ndisanapondeko, za agogo amene analuka chinthu chija omwe manja awo anali m'dothi kale. Ndinagwada ndi kuwagwira amai miyendo, ndikuti ndinalonda, ndinalondadi, ndinasesa. Amai osandikalipira, osanditonthoza, anangoika dzanja pamutu panga, maso awo ali jenjenje.

Kuseri kwa mtengo wa mango kunatsokomola munthu, wovala chijasi, chipewa chofika m'maso. Anandifunsa ndi mawu okhuthala chimene ndikulirira. Ine osamuyang'ana n'komwe, ndinangoti akuba atitengera chisekese, ngati wawaona andiuze kumene alowera, ndipitako ndekha. Ndiye munthu uja anati pang'onopang'ono, "Tamala." Mawu a atate. Ndipo m'chijasi muja munamveka tseke, tseke, tseketseketseke.

Ndinayang'ana pansi. Mapazi aja ndi awo. Kubadwa konse ndinkangowadziwa m'majombo, sindinadziwe kuti atate ali ndi zala zotero. Ndinawathamangira, ndinawamenya m'ntchafu ndi tizibakera tanga, ndikulira ndikuseka, mamina ali mbwee. Amai anagwada n'kundipukuta ndi chitenje. "Wamva mmene zawawira? Azimai aja anapita kumanda kwa Yesu m'mamawa anamva choncho. Nanga tsopano wamva mmene zakomera? Imba."

Ndinaimba, mayo ine ndinaimba! Wauka, wauka, aleluya wauka, mpaka agalu a m'komboni kuuwa, chitseko kutseguka, tiana kutuluka tikugubuduzana, aneba kusuzumira pa mawindo. Atate anandipatsa chisekese m'manja mwanga, koyamba, chopepuka ngati mwanapiye. Tsiku limenelo tinadya nkhuku ndi mpunga, tiyi wa mkaka ndi chimanga chachiwisi. Ku tchalitchi atawerenga nkhani ya manda opanda kanthu, ine wosadziwa chilembo ndinali kugwedeza mutu ngati ndinaliko. Yobe anandigunda ndi chigongono, tonse pakamwa tili chete, tsopano ndife a chinsinsi chimodzi.

Lero ndimakhala ku Estates, ku Kafue konkuno, kwa mwana wanga wamkazi. Komboni ija yasintha, mbiya inasweka, chisekese cha amai tinawaika nacho. Ndinaluka changa, ndipo timachigoneka mu ndowa ya pulasitiki, njerwa pamwamba. Adzukulu amawabweretsera mazira a chokoleti pa minibasi kuchokera ku Lusaka, nanenso ndimanyambitako, sindikana. Koma mafoni ndimazimitsa Lachisanu, kaya alire.

Pasaka yapitayi mlonda anali Mutinta, mdzukulu wanga wa maso akuthwa. Ana a masiku ano! Anapeza ndowa ilibe kanthu, misozi ng'oo, osalira n'komwe, anangondipapasa m'chiuno. "Ambuya, chosani, nachiona chatupa apa." Ndinaseka mpaka kukhala pansi, mumtima ndikuti mwambo wanga wathera pano.

Koma tikupita ku tchalitchi anandigwira dzanja. Amuna anga, ba shikulu ake, tinawaika mvula itangoyamba, ndipo mwanayu ndiye ankawatengera ndodo. Anandifunsa kuti, "Nanga ba shikulu, tikayenda kumanda kwao tizapeza mulibe?"

Ndinaima pakati pa msewu, njinga zikundilizira belu. Ndinamuuza kuti lero alimo, mwanangu, kwa iwo likadali Loweruka, koma Sondo yawo ikubwera.

Anaganiza, anaganiza, n'kundikoka dzanja kuti tiziyenda. "Ikafika muniushe, ambuya. Mwala nizachosa ndine."