Nafadi ndi Msilikali wa M'chitsime

Nafadi anaonetsa kanema m'tauni yathu ya m'mbali mwa Nailo mpaka imvi zinamumera, koma iye mwini sankaonera. Ankakhala chofulatira m'kachipinda kake kam'mwamba, kumvetsera kulira kwa makina uku akumwa tiyi wakuda bii. Ine ndinkamutcha wakhungu wa maso awiri.

Kwathu nkhani ya msilikali wa kavalo wakuda, amene anamenyana ndi mfumu ya kumadzulo kalekalelo, si yoseweretsa. Mabanja ena ndi a msilikali, ena ndi a mfumu, ndipo mwana amabadwa ali nayo kale mbali. Woimba nkhaniyi pa kaligo m'nyumba ya tiyi amalidziwa lamulo: kaligo saikidwa pansi msilikali ali m'mavuto, amayamba wapulumutsidwa. Wina anayesapo kumusiya m'ndende n'kupita kwawo. Mpaka lero amaimba ndi zala zosakwana.

Ndiye kunabwera kanema wa nkhaniyi kuchokera ku Cairo. Lachisanu titachoka ku mzikiti holo inadzaza, a msilikali kumanja, a mfumu kumanzere, aliyense ndodo yake pakati pa miyendo.

Kanemayo, abale inu! Kavalo kungoima. Mchenga kuuluka. Msilikali kuyang'ana chikhatho chake mpaka nyemba zikadapsa. Kenako inadutsa ngamira yopanda mutu, palibe anaifunsa kumene ikupita.

"Nafadi!" anakuwa Abdel-Rady wogulitsa nyama, mkulu wa mbali ya msilikali. "Wafa kodi m'mwambamo? Tamukankha munthuyu asolole lupanga!"

"Musiyeni, akuganiza za apongozi ake," ndinatero ine.

Anthu anaseka, koma kusekako sikunakhalitse. Anyamata a mfumu anamugwira msilikali asanaponye ndi chibakera chomwe, namumanga, namuponya m'chitsime chouma. Tinaona kachidutswa ka thambo kuchokera pansi, kakuchepa, kakuchepa. Basi. Magetsi anayaka.

Palibe anadzuka. Kumanzere wina anatsokomola ngati akubisa chimwemwe. Kumanja ndodo zinayamba kugogoda pansi, pang'onopang'ono, zonse pamodzi.

Abdel-Rady anayang'ana ku kabowo kotulukira kuwala ka kachipinda ka Nafadi. Sanakuwenso.

"Bambo a Sabra, ikani gawo lotsala."

"Lomweli ndiye lomaliza, m'bale wanga. Bwanji, zathera pati?"

"Mwamusiya m'chitsime."

"Ine? Ndi a ku Cairo amenewo!"

"A ku Cairo mulibe muno. Muli iwe."

Ana aamuna a Abdel-Rady anapita kukaima pa makwerero a kachipindako. Kenako magetsi anazima, makina n'kuyamba kulira mwachilendo: Nafadi anali atawabweza chambuyo. Thambo lija linakula. Msilikali anauluka kutuluka m'chitsime, zingwe zinadzimasula zokha, anyamata a mfumu anachoka chafutambuyo. Mapazi ake atangoponda mchenga, Nafadi anazimitsa.

Kumanja kunali chimkokomo, nduwira m'mwamba. Ine ndinati kanemayu amakoma akamabwerera.

Koma Haji Atiya, mkulu wa a mfumu, yemwenso anali malume ake a Nafadi, anaimirira mosafulumira, nakonza nduwira yake.

"Makolo athu anamwalira osaliona tsiku ili. Taliona ife, iwe watilanda tikupenya. Tibwera mawa, mwana wa mchemwali wanga, udzamubwezere m'chitsime."

"Nafenso tibwera," anatero Abdel-Rady.

Anabweradi onse, ndi ndodo zochuluka kuposa zadzulo lake. Anapeza loko pachitseko. Nafadi anali atakwera sitima ya ku Aswan, iye, mkazi wake ndi mwana wawo Sabra. Akuti kumeneko amagulitsa madzi a nzimbe, ndipo munthu akayamba nkhani, amayamba wamufunsa kuti ithera pati.

Makinawo akali m'kachipinda muja, msilikali ali chiimire m'mphepete mwa chitsime. Tsiku lililonse pansi pa makwerero pamakhala munthu wa mfumu ndi munthu wa msilikali, osalankhulana, aliyense kudikira kuti mnzake asinze. Ndikamadutsa pamenepo, ngakhale ineyo nthabwala ndimameza.