Mphika wa pansi pa chitsa

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anafuna kukulitsa munda wa fodya kwathu ku Bowe. Ndinali mu sitandade sikisi, kamtsikana kosatseka pakamwa. Kumalire a munda kunali chitsa cha muwanga chimene chinathyola mipini ya makasu kangapo. Tsiku limene chinagwa, fumbi lofiira litatikwana m'mphuno, pansi pake panaoneka mphika wakuda wokhala ndi timizere m'khosi.

Bambo analumpha ngati aponda moto. Chaka chimenecho chimanga chathu chinakanika, pamene a Naphiri, mayi wamasiye wa munda woyandikana nawo, anadzaza nkhokwe. Basi mlandu unali utatha kale: mphikawo ndi mfumba, mankhwala okokera mbewu za anzako. Pofika masana, atsibweni anali atasonkhanitsa abale pamundapo, akunena kuti a Naphiri asamuke mvula isanagwe.

A Naphiri anabwera manja ali ndi madeya. Mayi ameneyu ankandipatsa mbatata yootcha ndikamachokera kusukulu, ndipo mtima unandiwawa kwabasi.

Akuluakulu akukalipa, ine ndinagwada m'dzenjemo, poti maso anga sankamva kuletsa. Muzu waukulu ngati mkono wanga unali utalowa pakamwa pa mphika, n'kuboola pansi, n'kupitirira.

"Atsibweni," ndinatero, "kodi muwangawu unamera liti?"

"Iwe, choka apo! Agogo ako anaupeza uli wautali kale."

"Ndiye a Naphiri anakwirira bwanji mphika m'kati mwa muzu? Anali asanabadwetu."

Atsibweni anatsika m'dzenje, anagwedeza muzu uja, anakanda m'mutu. Kenako mayi anga anaphulika kuseka, ena n'kutsatira, ndipo bambo anayamba kulankhula za feteleza amene anachedwa kuthira.

Mawa lake aphunzitsi athu atauona mphikawo, anandiuza kuti pali anthu amene ntchito yawo ndi yomweyi: kukumba mosamala, kuwerenga dothi, mapale ndi mafupa kuti adziwe mmene makolo ankakhalira. Ndinafunsa ngati amalipidwa. Atavomera, ndinati ntchito yanga ndaipeza, ndipo sindinasinthenso maganizo.

Lero ndimakumba m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi pamodzi ndi ophunzira a ku yunivesite. Makolo awo amadandaula kuti mwana wapita kusukulu kukaphunzira kutola mapale, koma ine ndimawauza mosaopa kuti ntchito ilipo, kosungira zinthu zakale, kophunzitsa, ngakhale kumene akulambula misewu. Zinthu zasinthadi. Alimi akafukula mphika masiku ano, ambiri amaujambula pafoni n'kutitumizira, m'malo moyang'ana mnzawo ndi diso lofiira.

A Naphiri sanasamuke. Anakalamba m'nyumba yawo yomwe ija, ndipo pamaliro awo, amene anayamba kukumba manda anali bambo anga.