A Dorica ndi Timu Yofuna Kuwoloka Nyanja

Mukamuuza mlendo kuti pa Likoma pali munthu wobadwira pachilumba pomwepa koma woopa boti, amati mukumunamiza. Koma alipo, ndipo ndi alamu anga enieni, a Dorica a ku Yofu, mkazi wa malemu achimwene anga a Allan. Madzi sawaopa ayi. Kusambira amandiposa, ndipo akamachapa amalowa mpaka m'chiuno. Chimene sagwirizana nacho ndi chinthu chogwedera kunsi kwa mapazi awo. Akangoponda m'bwato, ngakhale lomangirira, m'mimba mumatembenuka, nkhope imatuwa, ndipo zonse zimene adya kuyambira dzulo zimabwerera.

Zimenezi tinazidziwa atangokwatiwa kumene. Achimwene ankagwira ntchito ku migodi ya malasha ku Zimbabwe, monga amuna ambiri akwathu masiku amenewo, ndipo anabwera kudzatenga mkazi wawo. Tinawaperekeza ku Chipyela ndi nyimbo, katundu pamutu. Kaboti kopita nawo ku sitima kasanafike n'komwe pakati, tinangoona kakutembenuka. A Dorica anatsika chokwawa, n'kulumbira pamaso pa anthu onse kuti wofuna ukwati ndi iwo aziwapeza pa Likoma. Achimwene anapita okha. Ankabwera pa tchuthi, ndipo ukwatiwo unayenda bwinobwino, mwinanso kuposa wa ife amene tinkaonana ndi amuna athu tsiku ndi tsiku.

Atapuma pa ntchito, achimwene anabwera ndi wailesi, njinga yoti pano inalibe poyenda, ndi chikwama cha majezi obiriwira amene timu ya ku mgodi inawasiya. Majezi amenewo ndiwo anabala timu yathu ya mpira, Ncheni za ku Yofu, dzina la nsomba ya mano ija. Iwo anali mphunzitsi, akazi awo wochapa. Achimwene atatisiya tinkati alamu afota ndi chisoni, poti mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa kutali. Koma masiku olira atangotha tinawaona akulunjika ku bwalo, beseni la majezi pamutu. Kuyambira pamenepo timu ndiyo inakhala banja lawo. Majezi asinthidwa kangapo, osewera akalamba n'kulowa ana awo, koma wosenza beseni ndi yemweyo.

Kuchemerera kwawo ndiye kwa okha. A Dorica saitana wosewera ndi dzina lake, amamuitana ndi dzina la mayi ake. "Mwana wa Marian, thamanga! Mwana wa Edith, miyendo imeneyo wabwereka?" Mnyamata akamachita ulesi amamuululira za ubwana wake bwalo lonse likumva, zoti ankathawa kusamba, zoti analira tsiku la ubatizo mpaka ansembe kutuluka thukuta. Palibe mnyamata wa ku Yofu amene amayenda chodzikoka m'bwalo a Dorica ali chiimire pambali. Mawu awo amamveka mpaka kwa asodzi amene ali pamadzi, moti ena amadziwira pomwepo kuti chigoli chalowa mbali iti.

Chaka chatha anyamata anachita zoti sitinkaziyembekezera. Anagonjetsa matimu onse a pachilumba ndi a ku Chizumulu komwe, n'kulowa mu ligi ya chigawo cha kumpoto. Tinavina sabata yathunthu. Koma chimwemwecho chinabwera ndi mutu wake. Matimu akumtunda sankafuna kuwoloka. Ina inkati yasiyidwa ndi sitima, ina inkati mwera wakula, ndipo imene inalimba mtima inafika osewera ake ali lefulefu, n'kumadandaula kuti yagonja ndi nyanja osati ndi Ncheni. Akuluakulu a ligi anatopa nazo. Anati timu ipeze bwalo kumtunda lochitira masewero ake a pakhomo, apo ayi ibwerere kumene inachokera.

Apa m'pamene anatulukira Lumbani, mwana wa ku Khuyu amene ali ndi sitolo ya zipangizo zomangira ku Nkhata Bay. Anati timu isamukire kumeneko, iye apereka nyumba yogona anyamata, bwalo lilipo kale, ndipo ofuna ntchito awapezera. Chilumba chinagawikana pakati. Ku msika wa ku Chipyela, pa khomo la tchalitchi, pokonza maukonde, nkhani inali imodzi: Ncheni zipite kapena zisapite? Mabanja ena anasiya kubwerekana mchere.

A Dorica sanataye nthawi ndi mikangano ya pa msika. Ananyika majezi onse m'beseni, n'kulowetsa m'nyumba, n'kukhala pa khomo. A Wilfred, wapampando wa komiti ya timu, munthu wofatsa amene amayamba ndi kutsokomola asanayankhule, anabwera kudzawapempha.

"Amayi, anyamata ali ndi masewero okonzekera ndi a ku Khuyu mawa."

"Majezi ali m'maji, a Wilfred."

"Nanga osayanika bwanji?"

"Juwa la masiku ano silikuumitsa."

Dzuwa lake linali loti mwala ukhoza kuwotcha phazi. A Wilfred anayang'ana kumwamba, anatsokomola, n'kubwerera. Tsiku lotsatira Ncheni zinasewera chifuwa pamtunda, ndipo atsikana a ku Khuyu sanadandaule ngakhale pang'ono. Ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, koma ndinali mbali ya alamu anga. Lumbani ndinkamuona ngati munthu wodzatilanda, ndipo ndikakumana ndi mayi ake pa njira moni wanga unali waufupi.

Amene anasintha zinthu ndi goloboyi wathu Cyprian, mwana wa Eliness, mnyamata wamtali wosakonda zoyankhula. Anafika ine ndili pomwepo, tikusenda chinangwa. Anakhala pansi mwaulemu, manja pa mawondo.

"Amama, sindinabwerere majezi. Ndabwera kuti mundimve. Ine ndagwira mipira pa bwalo ili kuyambira ndili wamng'ono. Amandiona ndani? Inu, amayi anga, ndi mbuzi za a Wilfred. Kumtunda kumabwera anthu a matimu akuluakulu kudzasankha osewera. Kuno sangafike, nawonso boti amaliopa ngati inu nomwe. Zaka zikupita, amama. Ndikapanda kuyesa panopa, basi ndibwerera ku ukonde."

"Choka usanandikwiyitse," anatero a Dorica, osamuyang'ana.

Atachoka, mpeni wa alamu unaima. Kenako anati, "Mlamu, mwanayu akunena zoona. Koma akapita, Loweruka ine ndizidzatani?" Mtima unandiwawa. Ndinangopitiriza kusenda. Madzulo ake majezi anali pa chingwe.

Komiti inagwirizana zoyamba yayesa. Masewero amodzi a pakhomo akachitikire ku Nkhata Bay, pobwerako mudzi ukweze manja n'kugamula. M'mawa wa ulendo tonse tinatsikira ku Chipyela kukaperekeza anyamata pa boti lalikulu lonyamula anthu. Ine ndinali m'mapatapata, mbuzi zanga ndisanamasule n'komwe. A Dorica anafika ndi beseni pamutu, majezi ositasita bwino. A Wilfred anatambasula manja kuti alandire, koma alamu anangowadutsa ngati chitsa n'kulowa m'madzi.

"Amayi, mukupita kuti?"

"Akamapita kwa eni ake ndimawalola apite okha. Koma awa mukuti ndi masewero a pakhomo. Pakhomo pa Ncheni sipanaseweredwepo mpira ine kulibe. Mervis, ukuyang'ana chiyani? Bwera undigwire!"

Mervis ndine. Ndinalowa m'boti mmene ndinalilimo, ndikukuwira aneba kuti andionere mbuzi. Pagombe anthu anayamba nthungululu, ena kugwira pakamwa, agogo ena amene anaona za ulendo wa ku Zimbabwe uja anangoti, "Tiyeni tidikire, libwerera."

Silinabwerere, ngakhale kuti alamu analipempha. Injini itangolira anagwada pansi, mutu m'ndowa. Wina anawapatsa ndimu, wina anati atafune chingamu, wina anati atseke maso. Onsewo anawatukwana mmodzimmodzi, pamodzi ndi Lumbani, akuluakulu a ligi, ndi munthu amene anayambitsa mpira pa dziko lapansi. Anyamata ankasinthana kuwakupiza ndi katoni, akubisa kuseka.

Titayenda ndithu, anadzutsa mutu kuti apume, n'kuyang'ana kumbuyo.

"Kachija n'chiyani?"

"Ndi kwanu, alamu."

"Konse?"

"Konse. Yofu, Chipyela, Khuyu, tchalitchi chathu chachikulu chija, ndi bwalo lanu lomwe."

Anakweza dzanja, chilumba chonse n'kubisika kuseri kwa chikhatho. Analitsitsa, analikwezanso. Zaka zonsezi akuchiyenda ndi mapazi, anali asanachionepo ali kunja kwake. Misozi inayamba kutsika, osati ya kudwala ija. "Ndiye achimwene ako ankaona zimenezi okha ulendo uliwonse," anatero, "ine ndili mkati mwa kadontho kameneka." Nanenso ndinalira. Kenako funde linatimenya m'mbali, iwo n'kubwerera ku ndowa yawo.

Tinagona kwa Lumbani, amene anatilandira bwino mpaka ndinachita manyazi ndi moni waufupi uja. Bwalo la kumeneko ndi labwino, lobiriwira ndi udzu, lopanda miyala yosupula mawondo ngati lathu. Koma oonerera anali ochepa, ndipo palibe amene ankadziwa kuti Ncheni ndi ndani. Ambiri anali amayi ogulitsa nthochi ndi mtedza, ocheza zawo m'Chitonga. A Dorica anali atagona pansi pa mtengo, chitenje kumutu, akuti nthaka ikugwederabe. Anyamata analowa m'bwalo muli zii, n'kumasewera ngati ana amasiye. Pasanapite nthawi anamwetsedwa chimodzi.

Ndikuganiza kuti ndi phokoso la chigolicho limene linawadzutsa. Ndinangomva kumbuyo kwanga, "Mwana wa Eliness! Manja amenewo wasiya m'boti?" Cyprian anatembenuka, mano onse pamtunda. Alamu anadzikoka mpaka pa mzere, atatsamira phewa langa, n'kuyamba ntchito yawo. Mayi wina wa nthochi anawafunsa kuti Eliness ndani. Anamufotokozera, n'kumuonetsanso wa Marian ndi wa Edith, ndi zimene aliyense ankachita ali wakhanda. Pofika chigawo chachiwiri, amayi onse a nthochi anali ataimirira, akukuwa "Mwana wa Marian, thamanga!" ngati kuti Marian anakulira naye limodzi. Mwana wa Marian anathamangadi, n'kubweza chigoli. Masewero anathera pomwepo, chimodzi kwa chimodzi, ndipo bambo wina wachipewa anamutengera Cyprian pambali n'kucheza naye nthawi yaitali.

Za ulendo wobwerera ndisanene, unali ngati woyamba, kungoti matukwano anali atsopano.

Msonkhano unachitikira pa bwalo lathu la ku Yofu. Onse okana kusamuka anakhala mbali imodzi, maso ali pa a Dorica, poti ndiwo anali mtsogoleri wawo. A Wilfred anatsokomola, n'kuwapatsa mwayi woyamba kuti zoopsa zithe msanga. Alamu anaimirira, n'kumanga chitenje.

"Ine sindikufuna apite," anatero. "Ndikunena pano kuti aliyense amve, mtima wanga sukufuna. Koma ndachiona chilumbachi ndili pa maji. N'chokoma, koma n'chaching'ono, ndipo miyendo ya anawa yatalika. Apite. Jina likhale lomwelo, Ncheni za ku Yofu, asakalisinthe. Ligi ikatseka azibwera kudzasewera pano, agogo awo aziwaona. Ndipo wochapa majezi sakusintha."

"Koma amayi," anatero a Wilfred, "majeziwo azikhala kutsidya."

"Ndiye komiti indigulire ndowa yokhala ndi chivundikiro."

Anthu anaseka mpaka ena kugwa pa mabenchi, ndipo mkwiyo wa miyezi yonse ija unathera m'kusekako. Manja atakwezedwa, ofuna kuti timu ipite anachuluka. Amene anakana sanakondwe, ndipo ena mpaka lero amati a Dorica anawagulitsa. Iwo sawatsutsa. Amati nawonso akadakhala iwowo akadanena zomwezo.

Timu inasamuka ligi ya chaka chino itayamba. Loweruka la masewero a pakhomo likamayandikira, alamu amatseka nyumba, n'kundisiyira nkhuku zawo. Oyendetsa boti anawazolowera, amawasungira malo pakati pomwe sipagwedera kwambiri, ndipo apaulendo odziwa amakhala patali. Anthu ankati akawoloka kangapo thupi lizolowera. Sabata yathayi ndinawaperekeza ku Chipyela, mwera ukuwomba, nyanja itachita thovu. Ndinaona milomo yawo yayamba kale kutuwa boti lisanafike n'komwe.

"Alamu, simunazolowerebe?"

"Kuzolowera chiyani? Ndimafa ulendo uliwonse."

"Ndiye lero lokha khalani. Taonani mafundewa."

Anayang'ana nyanja, n'kukwinya chitenje m'mawondo.

"Ana ali pakhomo mawa," anatero. "Tandigwira dzanja ndikwere."